Mena, Ukupita Kukalera Ana a Eni pa Sitima

Milange, Lachiwiri masana

Mwana wanga Filomena,

Iwe wapita kukatsanzika apongozi ako, mwana wako Tome wagona pamphasa chitsononkho chili m'manja, ndipo bambo ako ali kuseri akulimbana ndi njinga imene inyamule chikwama chako mawa. Ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe. Ukudziwa kuti ine ndi iwe tikayamba nkhani yeniyeni, wina amakwiya wina amalira, nkhaniyo n'kufera panjira. Pepala silikwiya. Uwerenge lero lomwe dzuwa lisanalowe, poti palafini mulibe m'nyumba muno, ndiponso kumapeto kuli mawu oti uwadziwe kusanache. Ukatha upinde, uike pansi pa makapulana ako, nsalu zako zomanga m'chiuno zija, udzawerengenso tsiku limene udzakhale ndi chifundo cha kwanu.

Kabuku ka zithunzi kamene Izabele, mwana wachizungu uja ndinamulera, anatumiza pamodzi ndi mapepala ako a ntchito kafika poda ndi manja a anthu. Aliyense wobwerera kuchokera kothawa nkhondo amayamba wafunsa za madenga amene anatsala, kenako amati, "Tationetsani sitima ya Mena." Ine ndakayang'ana mpaka ndakaloweza. Akuti ndi imodzi mwa sitima zazikulu kuposa zonse zonyamula anthu okasangalala. Nyumba pamwamba pa nyumba, mpaka khosi kuwawa. Pakati pake pali bwalo lotseguka ngati la msika, zikepe zagalasi zikukwera ndi kutsika, madzi akuthovoka pakati pa maluwa. Pamwamba penipeni maiwe osambiramo, pomwe nyanja yonse ili pansi pawo. Muli sinema, muli maloja ogulitsa zovala ndi mawotchi, muli bwalo la zisudzo, muli nyumba ya juga, muli ndi kachipinda kopaka utoto wowala kamene iwe uzikasewera ndi ana a apaulendo makolo awo akamavina.

Bambo ako atakaona koyamba anakatsegula tsamba ndi tsamba. Kenako anafunsa kuti, "Nanga sitimayi imachokera kuti, kupita kuti?" Unawauza kuti imazungulira zilumba sabata yathunthu n'kubwerera padoko lomwe inachokera. Iwo anapukusa mutu nati, "Ife tayenda maulendo osawafuna mpaka zidendene kung'ambika. Iwowa akugula ulendo wopanda kopita." Unaseka, koma ine mawu amenewo andikhala. Ukupita kwa anthu amene sanathawepo kanthu, mwana wanga. Si oipa chifukwa cha icho. Koma iwe ndi iwo muzikayang'ana chinthu chimodzi n'kuona zinthu ziwiri, ndipo ndikufuna uzidziwiretu.

M'boma lonse lino mwina ndine ndekha mkazi amene ndinagonapo pa sitima ya panyanja yamchere, ndiye undilole ndikuuze mmene ndinapunthwira. Unali wamng'ono pamene abwana a kumunda wa tiyi ananditenga kuti ndikalere mwana wawo Izabele pa ulendo wa ku Lizibowa. Sitima yathu, imene tinakwera ku Beira, inali kamwana poyerekeza ndi yakoyi, koma tsiku loyamba lomwe ndinasochera. Sinyora, amake Izabele, anandituma mkaka wofunda kukhitchini. Popita ndinatsata fungo. Pobwera, zitseko zonse zofanana, makonde onse ofanana, makwerero ena okwera ena otsika. Ndinapitirira antchito ambirimbiri ovala zoyera, koma ndinkati ndikafunsa aziti taonani wa kumudzi. Ndinayenda mpaka mkaka unazizira, mpaka ndinapezeka pansi kumene kuli makina, kotentha ngati ng'anjo ya njerwa. Kumeneko bambo wina wa ku Inyambane, mafuta ali thupi lonse, anandiyang'ana nati, "Mana, mlongo wanga, mkakawo ukukamwetsa injini?" Ndinalira. Iye anapukuta manja, nandiperekeza mpaka pakhomo pa sinyora, akundiuza kuti iyenso mwezi wake woyamba anasochera mpaka anagona m'chipinda chosungira mbatata. Uzifunsa, Mena. Ndikukudziwa, unali mphunzitsi, unazolowera kuti ofunsa ndi ena. Kumeneko ukhala mwana wa kalasi yoyamba. Uzifunsa njira, uzifunsa dzina la chinthu, ukadwala mseru wa panyanja unene msanga. Ine ndinabisa mseru masiku awiri, mapeto ake ndinasanzira nsapato za sinyora pamaso pa anthu.

Pa tsamba lapakati la kabuku kaja pali tebulo lalitali la zakudya, pakati pake mbalame yosemedwa ndi madzi oundana. Ndinakuona mmene unatsekera tsambalo mwamsanga Tome atayamba kuloza nkhuku. Tsono tamvera. Ine tsiku lina ndinapita kumbuyo kwa sitima kukayanika matewera, ndipo ndinapeza anyamata a kukhitchini akukhuthulira zidebe m'nyanja: buledi wosalumidwa, mpunga, nyama, mbalame zikulimbirana m'mwamba. Mtima unandipweteka. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kutola timabuledi totsala patebulo n'kumamanga pa kapulana, kubisa pansi pa kama. Ukandifunsa kuti ndinkasungira yani, ndinkasungira iwe. Mutu unkadziwa kuti kwathu ndidzabwerera patapita zaka, koma manja sankamva. Buledi anachita nkhungu, mphemvu zinabwera, chipinda chinayamba kununkha, ndipo sinyora atatulukira mtolo wanga anaseka mpaka misozi. Ndinakautaya ndekha m'nyanja momwemo.

Iwe zikakuvuta kuposa ine, chifukwa ine nthawi imeneyo njala yeniyeni ndinali ndisanaidziwe. Iwe unadya zitsinde za nthochi m'phiri la Tumbine chaka chija tinathawa. Kuyambira pamenepo uli ndi chizolowezi chokankhira gawo lako kwa Tome n'kumati wakhuta kale. Kuno chizolowezi chimenecho chili ndi phindu, mwana amadyadi. Pa sitima chilibe phindu. Ukadzimana kumeneko, Tome sakhuta kuno. Ukadye, mwana wanga. Ukadye mpaka masaya abwerere. Ukaona zakudya zikutayidwa mtima udzapsa, ndipo uli ndi chifukwa chopsera, koma usakapsere mtima kamwana kamene kasiya theka la keke pambale. Sikadziwa za Tumbine, ndipo si mlandu wake.

Za ntchito yako yeniyeni ndili ndi mawu amodzi okha: maso pa mwana. Pali tsiku limene sitima imadutsa pakati pa dziko lapansi, ndipo amalinyero amachita chikondwerero. Wina anavala ndevu za chingwe ndi chisoti cha mfumu, ankagwira azungu olemekezeka, kuwapaka ufa ndi thovu, n'kuwaponya m'dziwe ndi zovala zomwe. Ine mwana wa ku Milange kuona patarau, abwana eniake, akuponyedwa m'madzi ndi antchito! Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Sindikudziwa nthawi imene kadzanja ka Izabele kanapulumukira m'dzanja langa. Potembenuka ndinamuona ali kumpanda wachitsulo wa m'mphepete, mutu ndi phewa limodzi zili kunja, akuyang'ana thovu la nyanja pansi. Sindinakuwe, ndinaopa kumudzidzimutsa. Ndinayenda chokwawa n'kumugwira mwendo. Iye anatembenuka akuseka nati, "Ama, madzi akuthamanga." Ndinamubereka kumbuyo mpaka madzulo. Sitima yako anaimanga dala kuti ikope maso a munthu, kulikonse nyale, kulikonse nyimbo. Ukakhala ndi ana a eni, zonsezo si zako. Makamaka pafupi ndi maiwe aja. Mwana amamira mwakachetechete, sakuwa ngati mmene anthu amaganizira.

Komatu pothawa cholakwa chimenechi ndinagwera m'china. Chichitikire zimenezo ndinadziletsa kuyang'ana chilichonse. Ngakhale Izabele atagona ndi amake, ine ndili womasuka, ndinkangokhala m'kachipinda kanga ndi korona m'manja. Mnyamata wina woonetsa sinema anandiuza kuti ndikhoza kukasuzumira pakawindo kake, palibe angandione. Ndinakana. Oimba ankayeserera nyimbo masana chitseko chili chotsegula, ine ndinkadutsa nditawerama. Tinaima pa madoko okongola, anzanga akutsika kukaona, ine ayi. Lero akazi anzanga akandifunsa kuti, "Roza, unaona chiyani kunyanja?" ndimawauza za matewera. Ayi, Mena, usakhale ngati ine. Tsiku limene wapuma, ngati malamulo a antchito akulola, ukakwere chikepe chagalasi chija mpaka pamwamba. Ukaone zisudzo ngakhale kuseri kwa nsalu. Ukaponde mchenga wa zilumbazo. Usakaganize kuti ukaseka kumeneko ndiye kuti wanyoza ife otsala kapena amene tinawaika m'manda. Nkhondo yatilanda zambiri, usaipatsenso ndi zimene sinapemphe. Ndipo udzandilembere mmene chikepecho chimamvekera m'mimba. Kunyumba ya juga kokha usakaponde. Bambo ako andiuza kawiri kuti ndilembe zimenezi, ndiye ndalemba.

Pali china chimene sunachiganizire. Mwezi watha, tayala la njinga litaphulika pamsika, unadzigwetsa m'ngalande utakumbatira Tome, ndipo palibe anakuseka chifukwa theka la msika linali pansi limodzi nawe. Pa sitima pali lipenga lalikulu logwedeza chifuwa. Pali belu loyeserera kuthawa ngozi, limene limalira anthu n'kumathamanga ndi zovala zoyandamitsa. Pa maphwando amatsegula mabotolo ophulika ngati mfuti, ndipo m'kachipinda ka ana kaja ndaonamo mabaluni. Usakadikire kuti adzakuone uli pansi pa tebulo ana akukudabwa. Ukafike n'kumuuza wamkulu wa ntchito yako tsiku loyamba, mwaulemu, kuti ndimachokera kudziko la nkhondo, phokoso ladzidzidzi limandigwetsa, ndichenjezeni belu lisanalire. Si matenda ochititsa manyazi. Ndi thupi limene linaphunzira kupulumuka, ndipo lidzaphunziranso kupuma.

Adzakufunsa kuti kwanu n'kuti. Ine gogo wina wachizungu atandifunsa, ndinayankha kuti ku Beira, poganiza kuti Milange ndi dzina la kuthengo. Gogoyo anakondwa, nayamba kundifunsa za misewu ya ku Beira ndi tchalitchi chakutichakuti, ine amene Beira ndinangomuona pawindo la galimoto. Ndinakhala ndikumuthawa ulendo wonse. Iwe uziti Milange. Akati ndi kuti kumeneko, uwauze kuti ndi kumene phiri limavala mtambo m'mawa, kumene tiyi ankabiriwira mpaka kumalire, kumene munthu amagula mchere m'zinenero zitatu. Za nkhondo usaname, komanso usazimwaze paliponse. Apaulendo abwera kudzaiwala mavuto awo, ukawauza za sukulu yako yotenthedwa adzakumvera chisoni mphindi zochepa, kenako adzayamba kukulambalala. Nkhani zimenezo uzisungire mnzako mmodzi pakati pa antchito, amene nayenso ali ndi zake. Adzapezeka. Pansi pa sitima iliyonse pamakhala anthu ochokera kumene zinthu zinavuta.

Tsopano za mwamuna wako Armando. Sitinazikambepo bwino ine ndi iwe, nthawi zonse timangozizungulira. Nyengo ya mvula yadutsa katatu chimugwirireni anthu a m'tchire pa msewu wa ku Majaua, atapita kukatenga makaka, n'kumusenzetsa katundu wawo. Ena obwerera akuti anamuona, ena akuti ayi. Sindiwe wamasiye, komanso mwamuna ulibe, ndipo ukupita kumalo kumene nyimbo zovinira sizitha, anyamata ali kutali ndi kwawo ngati iwe. Ndikuuze zanga, bambo ako amazidziwa ndipo mpaka lero amandiseka nazo. Pa sitima yathu panali woperekera zakudya wina wa ku Kabu Verde, dzina lake Benivindu, munthu wofatsa. Ankandisungira malalanje, ankanyamula Izabele kuti ine ndidye. Sindinachite naye choipa chilichonse. Koma sindinamuuze kuti ndili ndi mwamuna ndi mwana, chifukwa ndinali ndekhandekha ndipo kukoma mtima kwake kunkandifunditsa. Tikuyandikira Lizibowa anabwera atavala malaya ochapa, chipewa chili m'manja, nati akufuna adziwe kwa makolo anga. Nditamuuza zoona anangoti, "Ukanandiuza ku Beira, malalanje ndikanakupatsabe." Anachoka osatembenuka. Ndinapweteka munthu wabwino popanda bodza lililonse, kungokhala chete. Iwe uzinena poyambirira: ndili ndi mwana, ndili ndi mwamuna amene sindikudziwa kumene ali. Woipa adzaona ngati mpata, ndipo udzamuzindikira msanga. Wabwino adzadziwa poima.

Dzulo ndinakhala ndi amake Armando tikusenda nandolo. Ndinawafunsa mosabisa kuti, "Asewere, mukuti bwanji za ulendo wa mpongozi wanu?" Anapitiriza kusenda mpaka lichero linadzaza. Kenako anati, "Ine ndidikira mpaka imfa, chifukwa ndinamubala. Mena adikire mmene mtima wake ungathere. Ukadzatopa asadzabise, adzatiuze ife akuluakulu tikhale pansi." Sindikudziwa ngati lero akuuza okha mawu amenewa, mwina achita manyazi, ndiye ndakuuza ine. Armando akadzatulukira, ndidzamuuza ndekha kuti sunathawe, unapita kukafunira mwana wake moyo, ndipo uthenga udzakupeza kudzera kwa apadiri, ansembe aja a kutsidya kwa malire, kumene makalata ako azifikira. Sindikukuuza kuti umuiwale. Sindikukuuzanso kuti ukalambe ukuyang'ana kumsewu. Ndikungoti chilichonse chimene chidzachitike, chidzachitike poyera.

Izabele akakulandira ku Lizibowa umuthokoze ndi mtima wonse. Anatikumbukira pamene anamva za nkhondo ya kuno, anayenda m'maofesi a kampani yake ya sitima mpaka malo ako anapezeka. Koma usakamugwadire. Ndinu a msinkhu umodzi, ndipo msana umene unamubereka iye unali wako, unachita kumubwereka. Ukamuyang'ane m'maso ngati mnzako. Ndipo ndisakunamize, mwana ameneyo ndinamukonda. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma sanena kuti tsiku lomubweza limafika. Pamene ndinkachoka ku Lizibowa anagwira siketi yanga mpaka batani linaduka, ndipo ndinamulira njira yonse ya kunyanja, ine amene ndinkapita kwa mwana wanga weniweni. Iwe ako azisintha sabata iliyonse. Kadzabwera kamnyamata ka msinkhu wa Tome, kadzagona pachifuwa pako, Loweruka amake adzakatenga osadziwa n'komwe dzina lako. Uwakonde anawo, ntchito imeneyi siyenda popanda chikondi, mwana amadziwa dzanja lozizira. Koma uzidziwa kuti ndi alendo.

Zimene zatsalazi ndi zimene zandikhazika pansi masana ano. Nkhaniyi umaidziwa, anthu anakuuza zidutswazidutswa, koma sunaimvepo kwa ine.

Tsiku limene ndinkanyamuka, akuluakulu anati mwana asaone, angalire n'kudwala. Unali ndi zaka ngati za Tome. Mng'ono wanga Lusiya anakutenga m'mamawa kupita nawe kumtsinje kuti mukagwire nkhanu, ndipo lole ya kumunda wa tiyi itafika ine ndinakwera. Ndinkaona ngati ndakuchitira chifundo. Lusiya anadzandiuza pambuyo pake kuti mutabwerako unalowa m'nyumba ndi nkhanu yako m'chitini kuti undionetse. Unandifuna kuseri kwa chitseko, munkhokwe, kuchimbudzi, kwa anansi. Anakuuza kuti amayi apita kumsika. Tsiku lililonse unkakhala pamphambano mpaka dzuwa kupendeka, chifukwa a kumsika amabwera madzulo. Kenako tsiku lina unangosiya. Sunafunsenso, ndipo onse anati mwana waiwala, zayenda bwino.

Ndinabwerera patapita zaka ziwiri ndi chidole chotseka maso ukachigoneka, ndi nsapato zofiira zimene ndinagula mongoyerekeza, zinapezeka zazing'ono. Njira yonse ndinkaona m'maganizo mmene udzandithamangire. Ndinakupeza ukusinja dothi m'kachigoba pabwalo. Ndinagwada, manja ndatambasula, ndipo pakamwa panga panatuluka Chipwitikizi chimene ndinkalankhula ndi Izabele. Unadzuka, unakabisala kumbuyo kwa Lusiya, n'kufunsa kuti, "Amayi, mlendoyu ndani?" Ndinakukoka ndi mphamvu kuti ndikunyamule, unandiluma padzanja. Ndinakalipira Lusiya kuti wandibera mwana, mng'ono wanga amene anakulera osapempha kanthu. Iye anangoti, "Achemwali, mwana anafunika woti amuitane."

Chidole sichinathandize, masiwiti sanathandize. Ndinachita kusiya kukukakamiza, n'kumangokhala pafupi, kukuphikira, kukusambitsa ukalola. Panapita miyezi. Tsiku lina unalowa thekenya kuchala chaphazi, Lusiya ali kumunda. Ndinakukhazika pamiyendo, ndikuchotsa ndi phini, ndipo pamene ndinafika pa dzira lake unagwira dzanja langa nuti, "Amayi, pang'onopang'ono." Sunadziwe n'komwe kuti wanena chiyani. Ine ndinapitiriza kuchotsa thekenya ngati sindinamve, misozi ikugwera paphazi pako. Unabwerera kwa ine, Mena, koma osati yense. M'phiri muja, malungo atakugwira, uli mayi wa mwana kale, unkaitana Lusiya, amene tinamuika zaka zapitazo. Sindikudandaula. Ndikungokuuza mtengo wake wa ulendo ngati uwu, chifukwa kabuku ka zithunzi sikanena.

Udzafunsa kuti nanga bwanji munandiuza kuti ndipite, pamene bambo ankakana? Chifukwa sukulu yako ndi phulusa, munda wa ku Majaua sitingaufike, ndipo ndakuona ukufota pakhomo pano ngati mbewu ya pansi pa mtengo. Chifukwa Tome afunika mayi wamoyo, woimirira. Ukandifunsa ngati ine ndikanapitanso nditabwezedwa m'mbuyo, sindikudziwa. Masiku ena ndimati inde, ena ndimati ayi. Nawenso udzakhala ndi masiku a mitundu iwiriyo, ndipo onse adzakhala akunena zoona.

Chimene ndikudziwa ndi ichi. Ndakumva ukupangana ndi bambo ako kuti munyamuke Tome asanadzuke. Ayi. Zimenezo ndakana, mwana wanga, ngakhale undikwiyire. Mawa umudzutse wekha, umusambitse wekha, umuveke malaya ake a ku tchalitchi. Umuuze ndi pakamwa pako kuti amayi akupita kutali kukagwira ntchito pa sitima ya m'kabuku ija, sabwera madzulo, sabwera mawa, adzabwera chimanga chitabzalidwa n'kukololedwa, ndipo agogo akhala nawe. Usamuuze za msika. Tonse tikuperekeza mpaka pa mlatho wa pamalire, iye anyamule kathumba kako ka mtedza kuti akhale ndi ntchito. Pamenepo adzalira, adzagwira kapulana wako, asilikali ndi onyamula katundu adzatiyang'ana. Alire. Iwenso ulire akuona. Ine ndidzamasula zala zake chimodzichimodzi, ndidzamubereka, ndipo tidzaima pomwepo mpaka basi ya ku Limbe itakutenga, kuti aone ndi maso ake njira imene wapita. Mwana amene waona kumene amake alowera sawafuna kuseri kwa chitseko.

Kwatsalako ndi kwanga. Chithunzi chako chija cha pa pasipoti, chotsalacho, ndichipachika pamene maso ake amafika. Makalata ako ndizimuwerengera ngakhale asamve zonse, ndiye uzilembamo mawu ake akeake, za nsomba zimene waona, za ana amene wasewera nawo. Usamatumize zidole zokha. Tsiku lina adzaphonya, adzagwa n'kuthamangira kwa ine akuti amayi. Ndidzamupukuta, ndidzamunyamula, kenako ndidzamuuza kuti ine ndine agogo, amako ndi Filomena, ali kunyanja, akubwera. Ndidzanena zimenezi ngakhale kakhumi patsiku. Ukadzabwera mwina adzabisalabe kumbuyo kwanga, ana ndi ana. Usadzamukoke. Udzangokhala pansi, udzalankhule Chinyanja, udikire.

Tome wadzuka tsopano, akufunsa kuti amayi abwera liti kwa agogo ena. Ndamuuza kuti posachedwa, ndipo lero zimenezo ndi zoona.

Mulungu akutsogolere pamadzi, akubwezere pamtunda.

Ndine mayi ako Roza, amene kuyambira mawa ndikukusungira mwana, ndipo dzina lako sindilanda.